Bilu iliyonse izipita ku komiti, ndipo izibwerera pa tsiku lodziwika

Ambirife tikamatsatira zochitika m'nyumba ya malamulo timakopeka ndi tsiku la mtsutso waukulu, pamene aphungu amaponyerana mawu otentha, Sipikala n'kumavutika kukhazikitsa bata, kenaka mavoti n'kuwerengedwa. Ine ndimaona kuti tsogolo la lamulo limagamulidwa kwambiri pa kamphindi kena kamene sikalowa m'nkhani za tsikulo, ndiko kamphindi kolengeza kuti bilu yatumizidwa ku komiti yakutiyakuti ndipo ibwerere pofika tsiku lakuti, kapena kuti siipita ku komiti iliyonse. Maganizo anga ndi akuti chigamulo chimenechi sichiyenera kudalira kukoma mtima kwa boma limene labweretsa biluyo. Chiyenera kulembedwa m'malamulo oyendetsera nyumbayo, chizichitika chokha pa bilu iliyonse, ndipo komitiyo izipatsidwa tsiku lobwezera bilu limene singalidumphe.

House of Commons, nyumba ya aphungu osankhidwa ndi anthu ku Britain, ili ndi aphungu 650, pamene Lok Sabha, nyumba yotere ya ku India, ili ndi 543. Khamu lotere likhoza kuvomereza kapena kukana cholinga cha bilu, koma silingakhale pansi n'kuiwerenga ndime ndi ndime. Chonsecho, minga ya lamulo siibisala m'cholinga chake, chimene nthawi zonse chimamveka chokoma. Imabisala m'timawu ting'onoting'ono. Ndime yonena kuti nduna “iyenera” kupereka chilolezo kwa aliyense wokwaniritsa zofunika ndi yosiyana kwambiri ndi yonena kuti nduna “ikhoza” kupereka chilolezocho, pakuti yoyambayo ikupatsa nzika ufulu umene ingakaumenyere kukhoti, pamene yachiwiriyo ikupatsa nduna mpata wokondera amene yamukonda. Palinso ndime zija zimene zimakhala chakumapeto, zolola nduna kudzalemba yokha malamulo ang'onoang'ono pambuyo pake, zimene zikapanda kuikidwa malire zimasamutsa mwakachetechete ntchito ya aphungu kupita nayo ku ofesi ya munthu mmodzi. Zoterezi zimagwidwa ndi anthu ochepa amene akhala pa tebulo limodzi kwa masiku angapo, ali ndi loya wowathandiza, ndipo amva kuchokera kwa wapolisi amene adzagwiritse ntchito lamulolo, woweruza amene adzalitanthauzire, ndi nzika imene idzalangidwe nalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo komiti ndiyo malo okhawo m'nyumba ya malamulo amene anakonzedwera kudekhako.

Chimene chimasiyanitsa nyumba za malamulo poyamba ndi nthawi imene bilu imapita ku komiti. Pa dongosolo la ku Westminster, ndilo la nyumba ya malamulo ya ku Britain, limene mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain anatengera, bilu imawerengedwa koyamba mwamwambo chabe popanda mtsutso, kenaka imawerengedwa kachiwiri pamene aphungu amakambirana ndi kuvotera mfundo yake yaikulu, ndipo pokhapo ndi pamene imapita ku komiti, isanabwerere kwa aphungu onse kuti aone zosinthazo ndi kuiwerenga kachitatu. Motero komiti imalandira bilu maziko ake atavomerezedwa kale, ngati mmisiri woitanidwa makoma atafika pa denga, amene akhoza kusuntha zenera koma sanganenenso kuti maziko anakumbidwa pamalo olakwika. Ku House of Commons komiti yotere imapangidwa chifukwa cha bilu imodzi yokha ndipo imatha ntchitoyo ikatha. Kawirikawiri imakhala ndi aphungu osakwana 20, chipani cholamula chimakhala ndi ochuluka, ndipo nduna yobweretsa biluyo imakhala membala pamodzi ndi akuluakulu aja oonetsetsa kuti aphungu akuvota monga chipani chafunira. N'chifukwa chake zosintha zimene zimadutsa kumeneko pafupifupi zonse zimakhala zochokera ku boma lomwelo. Kusintha kumene kunavomerezedwa mu 2006 kunapatsa makomitiwa mphamvu yoitana mboni ndi kulandira maganizo olembedwa, ndipo kunathandiza ndithu, komabe mbonizo zimafika chipani chitadzimanga kale ndi voti yake.

Nyumba ya malamulo ya ku Scotland, imene inayamba ntchito mu 1999, inatembenuza dongosolo limeneli: komiti yokhazikika yoona za nkhaniyo ndiyo imayamba kumva umboni ndi kulemba lipoti, ndipo aphungu onse amavotera mfundo yaikulu ya bilu lipotilo lili m'manja. Ku New Zealand, kumene kulibe nyumba yachiwiri younikanso malamulo kuyambira mu 1951, bilu imapita ku komiti itangowerengedwa koyamba, ndipo nthawi zambiri komiti imapatsidwa miyezi 6 yoitana maganizo a anthu, kuwamva ndi kubweza lipoti. Bilu ya mu 2024 yofuna kutanthauziranso mfundo za pangano la Waitangi, limene linasainidwa mu 1840 pakati pa ufumu wa Britain ndi mafumu a Amaori, inalandira maganizo olembedwa oposa 300,000. Komiti inalangiza kuti biluyo isapitirire, ndipo mu Epulo 2025 inagwa ndi mavoti 112 kwa 11. Ndivomereze kuti zipani zina za m'boma zinali zitaneneratu kuti sizidzaivotera powerenga kachiwiri, kotero sindikunena kuti komiti ndiyo inaipha yokha. Chimene ndikuchitenga apa n'chakuti anthu anadziwa khomo logogodapo ndi tsiku lomaliza kugogoda, ndipo khomolo silinatsegulidwe chifukwa cha chifundo cha munthu.

Nkhani yaikulu kuposa ya nthawi ndi yakuti ndani amene amalamula kuti bilu ipite ku komiti. Ku Sweden funsoli silifunsidwa n'komwe, chifukwa malamulo a Riksdag, nyumba ya malamulo ya dzikolo, amafuna kuti nkhani idutse ku imodzi mwa makomiti ake 15 aphungu onse asanaigamule. Ku India zinthu n'zosiyana. Dzikoli linakhazikitsa makomiti oyang'anira maunduna mu 1993, ndipo tsopano alipo 24, iliyonse ya aphungu 31 ochokera m'nyumba zonse ziwiri. Ndi makomiti amphamvu, amene nthawi zambiri amagwira ntchito mopanda mkokomo wa zipani, koma palibe lamulo lokakamiza kuti bilu ifike kwa iwo. Zimatengera Sipikala wa Lok Sabha kapena wapampando wa Rajya Sabha, nyumba yachiwiri ya malamulo ya dzikolo. Pakati pa 2009 ndi 2014, mabilu 71 pa 100 alionse ankatumizidwa ku komiti, koma pakati pa 2019 ndi 2024 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 16. Makomiti anali omwewo, zipinda zinali zomwezo, chimene chinasintha ndi chifuniro cha amene anali ndi aphungu ochuluka.

Malamulo atatu a zaulimi a mu Seputembala 2020 akuonetsa mtengo wa kudumpha kumeneku. Aphungu otsutsa mu Rajya Sabha anapempha kuti mabiluwo apite ku komiti yapadera, pempholo silinaphule kanthu, ndipo awiri mwa iwo anadutsa ndi voti ya pakamwa mkati mwa phokoso. Alimi, makamaka a ku Punjab ndi Haryana, anakamanga misasa m'misewu yolowera mu Delhi kwa chaka chathunthu, mpaka mu Novembala 2021 nduna yaikulu Narendra Modi inalengeza kuti malamulowo achotsedwa. Sindikuweruza ngati malamulowo anali abwino kapena oipa, pakuti akatswiri a zachuma anagawanika pa nkhaniyo. Ndikungoona kuti mafunso amene alimi anakafunsira pamsewu m'nyengo yozizira, monga lakuti mtengo wotsimikizika umene boma limagulira mbewu udzatetezedwa bwanji, ndi mafunso amene komiti ikanawamva m'chipinda pa miyezi itatu. Boma linapulumutsa miyezi itatu, n'kutaya lamulo lonse.

Komabe sichingakhale chilungamo kuyamikira makomiti osatchula mbali yawo yoipa, ndipo mbaliyi imaoneka bwino ku United States. Kumeneko bilu imatumizidwa ku komiti itangoperekedwa, ndipo mu House of Representatives, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, amatero ndi Sipikala potsatira uphungu wa katswiri wa malamulo a nyumbayo. Koma komiti siikakamizidwa kuchitapo kanthu. Wapampando akangosiya kuika bilu pa mndandanda wa zokambirana, biluyo imafera m'kabati, ndipo umu ndi mmene mabilu ochuluka kwambiri amathera. Njira yoilanditsira ilipo, koma imafuna kuti aphungu 218 asaine pempho, chinthu chimene chimatheka mwa apo ndi apo chifukwa aphungu a chipani cholamula nyumbayo safuna kuonekera poyera kuti akunyoza atsogoleri awo. Lamulo la ufulu wa nzika la mu 1964, limene linathetsa tsankho la khungu m'malo ofikamo anthu onse ndi pa ntchito, linatsala pang'ono kutsamwa pa makomiti awiri. Mu House of Representatives, Howard Smith wa ku Virginia analichedwetsa mu komiti yake yokonza ndondomeko ya zokambirana, ndipo mu Senate, nyumba inayo, mtsogoleri wa chipani chochuluka, Mike Mansfield, analilambalalitsa komiti ya zachilungamo imene wapampando wake anali James Eastland wa ku Mississippi, podziwa kuti likalowa mmenemo silitulukanso. Apa kudumpha komiti ndiko kunapulumutsa lamulo labwino. Pa chifukwa chimenechi sindikhutira ndi mawu akuti bilu iliyonse izipita ku komiti akanenedwa okha. Ayenera kuyenda limodzi ndi anzake akuti tsiku loikidwa likakwana, bilu ibwerere kwa aphungu onse kaya komiti yamaliza kaya ayi, kuti wapampando mmodzi asakhale ndi mphamvu yoposa ya nyumba yonse.

Boma lililonse lofuna kudumpha komiti limanena kuti nkhani ndi yachangu, ndipo nthawi zina limanena zoona. Lamulo lothana ndi mliri wa COVID-19 ku Britain linaperekedwa pa 19 Malichi 2020, linadutsa magawo ake onse otsala mu House of Commons tsiku limodzi, ndipo pa 25 Malichi linali litasainidwa. Palibe wanzeru amene akanapempha miyezi 6 panthawi imeneyo. Chimene ndinachikonda n'chakuti mbali zake zambiri zinaikidwa kuti zidzatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ndipo aphungu anapatsidwa mwayi wovota miyezi 6 iliyonse ngati zipitirire. Umu ndi mmene changu chiyenera kulipiridwira: nduna iime pamaso pa aphungu n'kufotokoza chimene chionongeke bilu ikadikira, aphungu avote padera pa pempho lodumpha komiti, ndipo lamulo lodutsa chothamanga likhale ndi tsiku lothera, kuti kuunika kumene kwalephereka lero kudzachitike ndithu mtsogolo. Bilu imene yakhala zaka ziwiri ikulembedwa ku unduna siingasanduke yachangu chifukwa chakuti nyumba ikutseka Lachisanu.

Ena amaganiza kuti kumva anthu ku komiti ndi ulemu wongochitira alendo. Khoti loona za malamulo aakulu ku South Africa linaonetsa mu 2006, pa mlandu umene linasuma bungwe la Doctors for Life International, kuti ndi udindo. Malamulo aakulu a dzikolo amalamula nyumba zonse ziwiri kupereka mpata woti anthu atengepo mbali popanga malamulo, ndipo khotilo linagamula kuti malamulo awiri a zaumoyo, lina lokhudza asing'anga ndi lina losintha lamulo la kuchotsa mimba, sanapangidwe moyenera chifukwa nyumba yoimira zigawo sinamve anthu mokwanira. Linapatsa aphungu miyezi 18 kuti akonze cholakwacho. Khotilo silinanene kuti zimene zinali m'malamulowo zinali zoipa. Linanena kuti njira imene anadutsa inali yoperewera, ndipo zimenezo zinali zokwanira kuwagwetsa.

Ngakhale pamenepo, kumva ndi kumvera n'zosiyana. Komiti ikhoza kuitana anthu, kulemba mayina awo m'kaundula, kuwathokoza, n'kubweza bilu monga inabwerera. Chotchinga chimene ndimachikhulupirira ndi lipoti lenilenilo. Lipoti la komiti liyenera kutuluka masiku angapo mtsutso usanachitike, osati m'mawa wa tsiku lovota, ndipo liyenera kunena mfundo zikuluzikulu zimene anthu anabweretsa, zimene komiti yatenga, zimene yakana ndi chifukwa chokanira. Kuti zimenezi zitheke komiti imafunika antchito akeake, ofufuza ndi maloya olipidwa ndi nyumba ya malamulo, chifukwa komiti imene katswiri wake yekha ndi mkulu wa ku unduna umene walemba biluyo imangomva bilu ikudziyamikira yokha. Mamembala amene agonja pa voti ya m'komiti azikhalanso ndi ufulu wolemba maganizo awo m'lipoti lomwelo, monga zimachitikira ku Sweden ndi ku India, kuti phungu amene sanakhale nawo m'chipindamo, poweramira lipotilo usiku woti mawa avota, aone pamene anzake anasiyana maganizo ndi ndime imene anasiyanirana.