Ndimalipira laisensi ya TV kuti ndizionerera anzanga akuseka

Abale, chaka chino ndikukwanitsa zaka 5 ndili ku Leeds, ku England. Kuzizira ndinakuzolowera, mabasi sandisocheretsanso, Chingerezi chawo chomeza mawuchi ndimachimva ndithu. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti kuno ndine wobwera: phwete. TV ikangoyaka, sewero lanthabwala n'kuyamba, ine ndimasanduka chitsa.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Madzulo tikatha kuwapatsa mankhwala timawakhazika pabalaza kuti aonere kanema. Pali agogo ena aakazi amene dzina langa amandifunsa m'mawa uliwonse, koma mawu a mu Only Fools and Horses amawatchula asanatuluke n'komwe pakamwa pa wosewerayo. Seweroli linayamba mu 1981, ndi la munthu ndi mng'ono wake ochita geni ya katundu wosadziwika bwino ku Peckham, ndipo gawo lina la nyengo ya Khirisimasi mu 1996 linaoneredwa ndi anthu oposa 24 miliyoni. Ndiye taganizani, chipinda chonse chikufa nalo phwete, agogo aja misozi ili mbwembwembwe, ine ndaima ndi kapu ya madzi m'manja, maso mwazumwazu ngati nkhuku yachilendo. Ndinaseka malo amodzi okha, pamene Del Boy, wamkulu pa abale awiriwo, anafuna kutsamira pabala osadziwa kuti thabwa alichotsa, n'kugwa chammbali ali chiwongokere. Kugwa sikufuna womasulira.

Zikanathera pomwepo sindikanadandaula. Chimene chimandiwawa n'choti kuno kuseka amakuyesa mayeso a nzeru. Mnzanga wina wapantchito anandifunsa nthawi yopuma kuti ndimakonda sewero lanji lanthabwala. Ine ndi mtima woyera ndinati Mr. Bean, poganiza kuti ndikuyamikira zakwawo. Mayi uja anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndimayamwabe chala. Akuti zimene zija n'za ana ndi alendo odzaona malo. Tamverani zimenezo! Rowan Atkinson, Mr. Bean mwiniwakeyo, anangopanga magawo 15 okha kuyambira mu 1990 mpaka 1995, ndipo dziko lonse lapansi likumudziwa chifukwa choti salankhulalankhula, nkhope ndi thupi ndi zimene zimagwira ntchito. Anatigulitsa okha katunduyu, lero akutiseka kuti tinaguliranji.

Ndiye anandipatsa mankhwala akuti ndichire: ndikaonere The Office, ija yeniyeni ya mu 2001. Ndinakhala pansi Loweruka lathunthu. Ofesi ya kampani yogulitsa mapepala ku Slough, bwana wake David Brent, munthu wofunitsitsa kukondedwa amene chilichonse chotuluka pakamwa pake chimamuvula. Mulibe ngakhale phwete lojambuliratu lija lokuuza kuti apa ndiye poseka. Bwanayo amanena chopusa, onse n'kukhala chete, kamera n'kuima pankhope ya munthu amene akufuna nthaka itamumeza. Chete ameneyo ndiye nthabwalayo. Ine mmene ndinaleredwera, munthu wamkulu akayamba kudzichotsa ulemu pagulu umayang'ana pansi, umamubisira manyazi. Ndinagwira nkhope magawo onse, thukuta kutuluka ngati wolakwa ndine.

Komatu ngakhale Aamereka, amene chilankhulo chawo n'chomwechi, sanalimeze seweroli mmene linalili. Mu 2005 anapanga lawo, analisamutsira ku Scranton, ndipo m'kupita kwa nthawi bwanayo anamufewetsa mtima kuti anthu azimumvera chisoni. La kuno linathera pa magawo 14, lawolo linapitirira magawo 200. Ngati msuweni wawo anafunika kuliphikanso kuti limukomere, ine ndalakwanji? Koma Mmereka samuuza kuti alibe nthabwala m'magazi. Amauza ine.

Ndipotu matendawa sathera pa TV, amakutsatira mpaka pantchito. Anthu akuno amanena chosemphana ndi chimene akutanthauza, nkhope ili gwa, osamwetulira ngakhale pang'ono. Tsiku lina basi inandichedwetsa, ndinalowa mochedwa ndi mphindi 20. Woyang'anira shifiti anati wathokoza kwambiri kuti ndaganiza zowayendera lero. Ine ndinayankha mwaulemu kuti palibe kanthu, ndi udindo wanga. Anthu anaseka sabata yathunthu. Ndinadzazindikira patapita masiku kuti kunali kundidzudzula kuja. Bwanji osangondiuza kuti ndachedwa, ine n'kupepesa, nkhani n'kutha?

Tsiku lina ndinati nanenso ndibwezere. Ndinatsegula YouTube pafoni, n'kumuonetsa mnzanga uja Izeki ndi Jakobo, Mulungu ause mizimu yawo. Ine ndinali nditayamba kale kuseka asanatsegule pakamwa, kungoona kaimidwe kokha. Ndinayesa kumasulira. Mayo ine! Nthabwala inafera m'kamwa mwanga momwemu. Ungamufotokozere bwanji munthu kuti chokoma chili m'kakokedwe ka mawu, m'mene wina akudzionetsa wochenjera pomwe tonse tikudziwa kale kuti agwa nayo? Mayi uja anamwetulira kamwetulidwe kaulemu, mano okhaokha, maso ali pawotchi. Ndinakazindikira kamwetulidwe kameneko. Ndi kamene ine ndakhala ndikumwetulira pabalaza paja zaka zonsezi. Kusiyana kwake n'koti iye palibe amene anamuuza kuti akaonere zambiri kuti achire.

Mwezi wathawu anaika Fawlty Towers, sewero la mu 1975 la John Cleese, lonena za mwini hotela wamkamwa moipa. Apa ndiye ndinapeza zanga: kukuwa, kuthamangathamanga, kubisa zinthu, mbama zapamutu. Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Amene anandimaliza kwambiri ndi Manuel, woperekera zakudya wochokera ku Barcelona, amene Chingerezi chimamuzungulira mutu, akatumidwa ichi amabweretsa icho, bwana n'kumupepesera kwa alendo pongotchula kumene amachokera. Ndikupukuta misozi choncho, agogo aja anaitana kuti akufuna bulangeti, ine m'phokosomo sindinamve bwino, ndinawabweretsera pilo. Mnzanga uja anandiloza n'kuuza chipinda chonse kuti nayenso Manuel wathu tili naye.

Chipinda chinaphulika. Ndinaima pakati ndi pilo m'manja, ndipo ndinaseka nawo, mokweza kuposa onse, poti lendi imafuna kulipira. Pomaliza shifiti woyang'anira uja anandisisita paphewa n'kunena kuti tsopano ndayamba kuzolowera. Nkhope yake inali gwa, ndiye mpaka pano ndikuganizabe kuti ankatanthauza ziti.