Injekita ikhale pafupi ndi valavu

Zikomo achimwene chifukwa cha nkhani yabwinoyi, koma apo mwanena kuti pa injini ya ndege kuika injekita (kachipangizo kothira mafuta mu injini) pafupi ndi throttle (chitseko choonjezera kapena kuchepetsa mpweya wolowa mu injini) n'kwabwino poti mafuta amasakanikirana bwino ndi mpweya, sindikugwirizana nanu kwenikweni. Ulendo wa mafuta wopita ku masilinda ukatalika, petulo wina amamatirira m'makoma a manifold (mapaipi opititsa mpweya ku masilinda), makamaka injini isanatenthe. Mukakankha throttle mwadzidzidzi, mpweya umafika msanga m'masilinda, mafuta n'kutsalira m'mbuyo, ndiye injini imayamba yatsamwa kaye isanakoke. Pansi sivuto. Nanga mukafuna kudzukanso mutalephera kutera, mitengo ili patsogolopo? Kamphindi kameneko n'kokwanira kuchititsa ngozi.

N'chifukwa chake injini za Lycoming zokhala ndi makina othira mafuta a Bendix RSA, zomwe ambiri amaika pa ndege za Van's RV, zimathira mafuta pakhomo penipeni pa silinda iliyonse, pafupi ndi valavu yolowetsa mpweya. Injini ya Rotax 912 iS ili ndi mainjekita awiri pa silinda.

Vuto la njira imeneyi lilipo ndithu: timapaipi ta mafuta topita pamwamba pa injini yotentha timawiritsa petulo mukazimitsa, ndipo kulizanso kumavuta. Koma limenelo limakupezani muli pansi. Amene akumanga ndege yake ayang'anenso EGT (kutentha kwa utsi wotuluka) ya silinda iliyonse asanauluke.