Musathamangire kugula sitata, yambani mwayang'ana earth

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndili ndi nthenda ya magalimoto akale. Kuno ku Leeds, ku England, ndimasunga MGB ya 1978, ija ya mabampala akuda a labala, injini ya 1798cc. Anazipanga ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo yangayi ndi ya chakumapeto. Mayi a kunyumba amaitcha "mkazi wachiwiri". Sindiwatsutsa.

Nkhani imene yandilembetsa lero ndi iyi. Pa magulu athu a magalimoto, munthu akangolemba kuti galimoto ikukana kulira, mayankho amabwera ngati mvula: sitata yafa, gulani ina, batire latha, gulani lina. Palibe wofunsa kuti mwayeza chiyani. Ine khalidwe limeneli ndimadana nalo chifukwa linandidyera ndalama, ndipo wolakwa ndinali ndekha.

Chaka chatha galimotoyi inayamba mwano. Ukapotokola kiyi imangoti kha! kamodzi, basi. Tsiku lina imazungulira mwaulesi ngati munthu wodzutsidwa pakati pa usiku, kenako n'kulira bwinobwino. Nthawi yomweyonso geji ya kutentha inayamba kukwera kuposa masiku onse, pomwe injini ukaigwira sinali yotentha modabwitsa. Ndinagula batire latsopano. Palibe chinasintha. Ndinagula sitata, n'kugona pansi pa galimoto Loweruka lonse kuzizira kuli tsoo. Inalira masiku atatu, n'kuyambiranso mwano womwewo. Thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, nayo ndinasintha. Mapeto ake petulo anandithera pamsewu muvi wa geji ukuloza pafupifupi kota ya thanki. Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuvomera kuti ndikuchita zolosera.

Mdala wina woyandikana nane, amene anagwirapo ntchito ya zamagetsi a magalimoto, anangobwera ndi waya mmodzi wa jampu. Anakanikiza mbali ina pa injini, mbali ina pa chitsulo cha bodi. Anati lizani. Inalira nthawi yomweyo, mwamphamvu ngati yatsopano. Manyazi ndinali nawo osasimbika.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Pa MGB batire silikhala kutsogolo, limakhala kumbuyo kwa mipando, pansi pa chivindikiro. Waya wamkulu umapita ku sitata, koma magetsi pobwerera amadutsa m'bodi ya galimoto. Injiniyo yakhala pa mamaunti a labala, ndipo labala sadutsa magetsi, ndiye pali kalamba kolukidwa ka waya kolumikiza injini ndi gearbox ku bodi. Kameneko ndiye earth. Kanga kanali katadyeka ndi dzimbiri, katangotsala timawaya towerengeka. Sitata imafuna magetsi ochuluka zedi, ma amp oposa 100, ndipo sangadutse pa tiulusi totere. Akasowa njira amakakamira paliponse pamene pali chitsulo, monga kebulo ya choki kapena ya accelerator. Mukaona kebulo ya choki ikutentha kapena kufuka utsi poliza galimoto, musafunsenso wina. Kuno misewu amaithira mchere nyengo yachisanu, ndiye chilichonse chokhala pansi pa galimoto chimadyeka msanga.

Multimeter, mita yoyezera magetsi, ya mtengo wotsika ikanandiuza zonsezi m'mphindi khumi. Batire lodzaza, galimoto itazima, limaonetsa pafupifupi 12.6 volts. Pamene wina akuliza, lisatsike kupyola cha m'ma 10. Injini ikamalira, alternator yabwino (chipangizo chotchaja batire) imakweza kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Koma muyeso umene ambiri sauchita ndi uwu: waya umodzi wa mita pa injini, wina pa bodi, mnzanu alize. Pamenepo mukuyenera kuona pafupifupi ziro. Mukaona theka la volt kapena kuposa, magetsi akutayikira panjira, ndipo sitata yatsopano singathandize kanthu.

Za mageji ndiye zinandisangalatsa kwambiri nditazimvetsa. Mageji a kampani ya Smiths a petulo ndi kutentha pa galimoto imeneyi sagwira ntchito ndi 12 volts. Kuseri kwa dashibodi kuli kabokosi kachitsulo kakang'ono kuposa bokosi la machesi, voltage stabiliser. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kakatenthedwa kamapindika n'kudula magetsi, kakazizira n'kulumikizanso, mobwerezabwereza, kuti mageji azilandira pafupifupi 10 volts kaya injini ikuthamanga kaya ayi. Kuti katenthedwe kamadalira earth yake, yodutsa pa bawuti yokamangira. Bawutiyo ikachita dzimbiri, kachitsuloko sikadulanso, mageji amalandira magetsi onse, ndipo onse awiri amanama mokweza. N'chifukwa chake injini inkaoneka ngati ikuwira pomwe thanki yopanda kanthu inkaoneka ngati muli mafuta. Mageji awiri akanama limodzi, mbali imodzi, musakhudze thermostat kapena sender (kachipangizo kotumiza muyeso ku geji) ya m'thanki. Funsani chimene awiriwo akugawana.

Chenjerani nako poyeza kabokosika. Mita ya manambala imangodumphadumpha, mwina 12 mwina ziro, ndipo ambiri amakataya poganiza kuti kafa, pomwe ndi mmene kamagwirira ntchito. Kababu koyezera ndiye kabwino: kakamaphethira, ndiye kuti kali moyo. Geji imodzi yokha ikavuta, chotsani waya wa ku sender n'kuukhudzitsa ku bodi kwa kanthawi kochepa kiyi ali on. Muvi ukayamba kukwera, geji ndi waya zilibe mlandu. Musaufulumize, mageji amenewa amayenda pang'onopang'ono mwachibadwa.

Azungu kuno ali ndi nthabwala yoti Lucas, kampani imene inkapanga zamagetsi za magalimoto amenewa, ndi kalonga wa mdima. Ndimaseka nawo, koma sindigwirizana nayo. Waya wa zaka zoposa 40, umene wadutsa m'manja mwa eni ake asanu, aliyense akulumikiza wailesi yake ndi selotepi, mukaimba mlandu fakitale? Komanso mitundu ya mawaya awo ndi yolongosoka kuposa ya magalimoto ambiri a masiku ano. Wabulauni uli ndi moto nthawi zonse. Woyera umakhala ndi moto kiyi akakhala on. Wobiriwira ndi womwewo koma wadutsa pa fyuzi. Wakuda ndi earth. Woyera wa mzere wofiira ndi wolizira sitata. Mukaloweza zisanu zimenezi, theka la dayagilamu muli nalo kale m'mutu. M'bokosi la mafyuzi muli anayi okha, ndipo nthawi zambiri fyuzi siinapse, ndi timano toigwira timene tachita dzimbiri.

Wina anena kuti si aliyense ali ndi nthawi yoyezayeza, kusintha chipangizo n'kwachangu. Ndikumva. Ndiponso sitata zimafadi, sindikukana. Pampu ya petulo ya kampani ya SU nayo imagona, ndipo eni MGB onse amadziwa kumvetsera kaphokoso kake ka ti-ti-ti asanalize. Ikakhala chete amaigogoda pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Koma onani kusiyana kwake: pamenepo mwamva ndi khutu lanu kuti pampu siikulira. Muli ndi umboni. Ine sitata ndinaigula popanda umboni uliwonse, kungoti anthu khumi pa intaneti ananena mofanana.

Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa: kuno galimoto ikapyola zaka 40 mungathe kuichotsa pa MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ambiri amakondwa, koma zikutanthauza kuti palibenso amene amaiona kunsi chaka ndi chaka. Yanga ndimaipititsabe mwa kufuna kwanga.

Kalamba katsopano ka earth kanali kotchipa kuposa chakudya chamasana. Ndinapala pomangira ponse ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, kumbuyo ku batire, pa gearbox ndi pa kabokosi kaja, n'kupaka girisi pang'ono. Sitata yakale ndinaiyesa pansi ndi waya wa jampu, ikuzungulira bwinobwino. Ili pa shelefu m'galaja. Amene akuifuna andipeze ku inbox, koma ndiyamba ndamufunsa kuti mita yake ikuti chiyani.