Ndalama za labotale zilipo, za kunkhalango ndiye zasowa

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mnzanga wina wa ku Peru amene tidaphunzira limodzi wandilembera kuti bungwe lina lamukana ndalama zoti akawerengere apusi ausiku m'nkhalango za kwawo, ati chifukwa ntchito yotereyi sionetsa phindu m'chaka chimodzi. Chaka chimodzi! Kanyama kamene kamabereka mwana mmodzi pachaka, kamene masana onse kamagona m'mphako kapena m'ziyangoyango ndipo kamatuluka dzuwa likalowa, akufuna kuti munthu akadziwe moyo wake wonse m'miyezi khumi ndi iwiri.

Kwa amene simuwadziwa, apusi amenewa si achanga athu aja olira usiku m'mitengo, ngakhale maso akuluakulu akufanana. Akatswiri amawatchula kuti Aotus, amapezeka kuchokera ku Panama mpaka kumpoto kwa Argentina, ndipo wamkulu amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mwa apusi onse a padziko, okhawa ndiwo amayenda usiku. Amakhala wamwamuna mmodzi ndi wamkazi mmodzi, ndipo amene amabereka mwana kumsana nthawi zambiri ndi bambo, mayi amangomulandira pomuyamwitsa.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti dziko lawadyera apusi amenewa kwa zaka zambiri. Iwo ndi ena mwa nyama zochepa zimene zimagwidwa ndi kachirombo ka malungo a anthu, Plasmodium falciparum, komweko kamene kamadzaza zipatala zathu nyengo ya dzinja. N'chifukwa chake akhala akugwidwa m'nkhalango ndi kutsekeredwa m'malabotale poyesera mankhwala ndi katemera. Wasayansi Manuel Elkin Patarroyo wa ku Colombia adayesera pa apusi amenewa katemera wake wa malungo wotchedwa SPf66 m'zaka za m'ma 1980, katemera amene pambuyo pake adabayidwa ana ku Tanzania ndi ku Gambia koma osagwira ntchito monga ankayembekezera. Ndalama zogwirira pusi zimapezeka. Ndalama za khola, za jekeseni, za makina oyezera magazi zimapezeka. Koma wina akati ndipatseni tochi, nsapato za matope, bwato ndi malipiro a anthu ondiperekeza kuti ndikaone kuti atsala angati, pomwepo thumba lauma. Kumeneku ndi kukolola m'munda umene sufuna ngakhale kuuyendera.

Amati chuma chavuta ndipo opereka ndalama amakonda nyama zooneka bwino pa chithunzi monga njovu ndi mikango. Zimenezo ndazimva, ndipo sizindikhutiritsa.

Taonani zimene munthu amapeza akaloledwa kukhalitsa m'tchire. Wofufuza wina dzina lake Eduardo Fernandez-Duque adayamba kutsatira apusi ausiku m'chigawo cha Formosa ku Argentina m'chaka cha 1996, ndipo zambiri zimene tikudziwa lero za mabanja awo zidachokera m'zaka zimenezo za kudikira pansi pa mitengo, udzudzu uli ng'wee m'khutu. Akadamupatsa chaka chimodzi akadabwerako ndi chiyani? Ku Leticia, m'malire a Colombia, Peru ndi Brazil, Angela Maldonado wa bungwe loteteza zachilengedwe la Entropika adayenda m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Amazon n'kuonetsa kuti apusi ankagwidwa ku Peru ndi ku Brazil n'kuwolotsedwa malire popanda chilolezo kukagulitsidwa kuti ayeseredwe za malungo. Nkhaniyo idafika kukhothi, ndipo mu 2013 khothi lalikulu la ku Colombia la Consejo de Estado lidaimitsa chilolezo chimene oyesera za malungowo anali nacho chogwira apusi, ngakhale kuti mu 2015 chigamulo china chidatsegulanso njira. Popanda munthu wolowa m'nkhalango ndi kope ndi tochi, khothilo likadaweruza potengera chiyani? Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo zikuoneka kuti opereka ndalamawa akudikira kuti chiphwe kuti adzayambe kulemba malipoti a chisoni.

Ndikubwereza chifukwa ena samva msanga: sungateteze nyama imene sukudziwa kuchuluka kwake, kumene imagona ndi zipatso zimene imadya. Mtundu wa Aotus miconax, umene umapezeka m'mapiri a kumpoto kwa Peru mokha, uli pa mndandanda wa bungwe la padziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe la IUCN wa nyama zimene zili pangozi ya kutha, ndipo nkhalango yake ikugwetsedwa kuti pakhale minda ndi msipu wa ng'ombe. Mitengo ikugwa lero, pamene kalata yopempha ndalama ikuzungulira m'maofesi miyezi ndi miyezi n'kubwerako ndi yankho laulemu lokana. Ife amene timaika ana m'manda chifukwa cha malungo tilibe chifukwa chonenera kuti za apusi a ku South America sizitikhudza, popeza magazi awo adalowa kale m'nkhondo yathu.

Ndipo pamene ndayamba kale kulankhula, ndinene ndi ichi. Ndalama zochepa zimene zimatulukazo zimathera pa matikiti a ndege ndi misonkhano ya m'mahotela, pamene bambo wa m'mudzi amene amadziwa mtengo uliwonse umene apusi amagonamo, amene amatsogolera akatswiriwo mumdima njoka zili pansi, amapatsidwa ya tsiku limodzi n'kuuzidwa kuti bajeti yatha. Dzina lake ngakhale pa tsamba lomaliza la lipoti silipezeka.