Chenjezo kwa amene mukumanga nyumba yoyamba kuno ku Mulanje

Ana anga, inu amene mwapeza kangachepe ku Joni, ku Lilongwe kapena pa geni ya nthochi ndi zinanazi pa Chitakale, ndipo mwaganiza zomanga nyumba yanuyanu, tandimverani. Kumanga n'kwabwino, sindikukuletsani. Koma zomwe ndikuona m'mbali mwa msewu kuchokera pa Nkando mpaka ku Limbuli zikundiwawa mtima. Ndalama mukuzithera pa zooneka ndi maso: penti wowala, matailosi, geti lachitsulo, mawindo a galasi lakuda. Zokwiririka pansi ndi zobisika m'denga, zomwe zimaimika nyumba, mukungozichita mwachisawawa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani imayambira pa malo. Kuno malo ndi osowa, dera lalikulu linapita ku maesiteti a tiyi ndipo enafe tinapanikizana m'mbalimbali. Ndiye munthu akangomva kuti pali puloti yotchipa amathamanga, n'kulipira pa foni tsiku lomwelo, osadzifunsa kuti malo okongola chonchi akhaliranji opanda nyumba zaka zonsezi. Makolo sanali opusa powasiya. Puloti saiona mu Okutobala pansi pali gwaa. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili mkati, muime pamenepo ndi ambulera, muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akulowera. Mukapeza miyala ikuluikulu yosalala ili mbwee pamalopo, dziwani kuti siinamere pamenepo, inabwera ndi madzi, ndipo madzi saiwala njira yake. Achikulire tikukumbukira napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi n'kukwirira anthu. Inu mwaona ndi maso anu namondwe Ana mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chino cha kummwera. Sipanapite nthawi, koma ena ayamba kale kukumba maziko m'mphepete mwa Ruo, Lichenya ndi Likhubula, pomwe mtsinje unadutsa dzana. Kodi mukufuna akuuzeni ndani?

Kenako funsani kuti wogulitsayo ndi ndani. Kwathu kuno malo ndi a mbumba. Mnyamata wosowa ndalama akhoza kukugulitsani munda wa amayi ake, alongo ake osadziwa, ndipo mlandu udzakupezani nyumba ili pa lintala. Pakhale mwinimbumba, amfumu, mboni za mbali zonse ndi kalata yosainirana, ndipo malire muwayende ndi oyandikana nawo, mukhomerepo zizindikiro. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, kafunseni ku ofesi ya malo pa boma. Pa boma pomwepo ndi ku Luchenza pulani imayenera kudutsa ku khonsolo musanakumbe. Inunso akamwini, sindikunena kuti musamange kwa akazi anu. Mangani, ana anu ndiwo adzagone m'menemo. Koma kambiranani poyera ndi akuchikazi njerwa yoyamba isanagone, osati kudzayamba kulira ku bwalo zinthu zitavuta.

Matenda ena ndi a pulani yaikulu kuposa thumba. Mwaona nyumba pa Facebook, mwakopera: zipinda 5, mabafa 2 am'kati, khonde lozungulira. Ndalama zathera pa mawindo. Makomawo aima zaka osafolera, mvula ya kuno ikuwamwetsa madzi kuchokera pamwamba, ndere zamera, mbuzi zasandutsa pabalaza khola, inu mukulipirabe lendi. Nyumba ya zipinda 2 yofolera bwino, yosiyidwa mpata wodzawonjezera, ikanakugonekani kalekale. Khalani pansi ndi mmisiri, mulembe zonse m'kope kuyambira kukumba mpaka loko wa chitseko, osaiwala mayendedwe a mchenga, madzi ndi aganyu, ndipo pamwamba pake muikepo ina yapadera. Mitengo ya zinthu siima. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankasunga ndalama pansi pa matiresi anadzuka malata awo atachepa. Zosawonongeka monga malata, misomali, waya ndi mafelemu gulani msanga mukapeza ndalama. Simenti ayi. Simenti akakhalitsa miyezi amachita zibuma, makamaka m'chinyontho cha kuno. Mugule wokwana gawo lomwe mukumanga, mumusanje pa matabwa, asakhudze pansi kapena khoma. Yambani ntchito mvula ikangotha, cha mu Meyi, kuti pofika Novembala denga likhale lili pamwamba.

Tsono inu omanga pa foni, ndinu amene mukundidetsa nkhawa kwambiri. Mumatumiza ndalama, alamu amatumiza chithunzi pa WhatsApp, khoma likuoneka lowongoka, mtima pansi. Chithunzi sichinena kuti m'khomamo mwalowa matumba angati. Mwagula 40, khumi adutsa kuseri usiku, otsalawo awasungunula ndi mchenga wochuluka kuti akwanire. Mukadzabwera pa Khirisimasi, kandani pakati pa njerwa ndi kiyi wa njinga. Mukaona zikuyoyoka ngati ufa, dziwani kuti munadyeredwa. Muyezo wake si wachinsinsi: pomanga njerwa, thumba limodzi la makilogalamu 50 limayenda ndi mawilibala 3 a mchenga, osadzaza mpaka phiri. Pa konkire wa lintala ndi ling'ibimu (lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa makoma), thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala 2 a miyala ya kwale. Mchenga ukhale wotsuka, wopanda dothi. Konkire amafuna kuthiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zenizeni zimakwana pa masiku 28. Kuthirirako ndi ntchito yotopetsa, n'chifukwa chake imadumphidwa mwini akakhala kutali. Ngati simungakhalepo nokha, ikani munthu amene si mnzake wa mmisiri, azitolera matumba opanda kanthu madzulo aliwonse n'kuwawerenga. Masiku okumba maziko, othira konkire ndi okhoma denga, pemphani tchuthi mubwere.

Mmisiri musamusankhe chifukwa ndi wa ku mpingo kwanu kapena watchula mtengo wotsika. Akuonetseni nyumba zomwe anamanga Freddy asanabwere, mukaone ngati zili chiimire, mulankhule ndi eni ake iye kulibe. Mugwirizane polemba, ndipo malipiro aziyenda ndi ntchito: maziko akatha, kufika pa mawindo, pa lintala, pa denga. Mukamupatsa zonse pachiyambi, mawa mumva kuti wagwira ntchito ina ku Muloza ndipo foni yake siikupezeka. Koma inunso musakhale ovuta. Kusintha chitseko khoma litakwera kale, kapena kuzemba munthu tsiku lolipira, ndi kuitana ntchito yoipa.

Maziko ndiwo mukuwaphweketsa koposa. Dothi lakuda la pamwamba ndi la chimanga, nyumba imakhala pa dothi lolimba la pansi, ngakhale kukumbako kutenge masiku. Pamalo otsetsereka, ndipo kuno malo ambiri ndi otero, maziko amakumbidwa ngati masitepe, osati kutsata kupendekeka kwa nthaka. Ngati pali chulu chikumbeni chonse, muthire mankhwala a chiswe m'ngalande za maziko ndi pansi musanathire konkire. Pepala lakuda la pulasitiki lija loyala pamwamba pa maziko ndi lotchipa poyerekeza ndi geti lanu, koma ndi limene limaletsa chinyontho kukwera m'khoma. Mukalidumpha, penti azingosupuka m'munsi chaka ndi chaka ndipo zovala zizinunkha nkhungu nyengo ya chiperoni. Nyumba ikwere ndithu kuchoka pansi, ndipo kumtunda kwake mukumbe ngalande yopatutsa madzi, yosawatayira pakhomo pa mnzanu. Njerwa muziyese musanalipire: gundanitsani ziwiri, zopsa bwino zimalira ngwee, zosapsa zimangoti phu. Za m'mbali mwa uvuni nthawi zambiri zimakhala zosapsa, ndipo ogulitsa amakonda kuziika pakati pa lole. Ngati thumba lakukakamizani kumanga makoma ndi dothi, maziko okha akhale a simenti, ling'ibimu ikhalepo, ndipo kunja mupake pulasitala mvula isanafike.

Pa denga, nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: 28 ndi lolimba kuposa 32. Matabwa a bulugamu aawisi amapindika akauma n'kuzula misomali. Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya wolowa mizere ingapo ya njerwa kapena wogwira mu ling'ibimu, osati kungolisanjika n'kuikapo miyala pamwamba. Ndipo akabwera wina usiku kukunong'onezani za matabwa a mkungudza, mubwezeni. Mtengowo ndi wotetezedwa ndi lamulo, watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, ndipo phiri lometedwa ndi lomwe limatitumizira madzi ndi miyala.

Chimbudzi kumbani poyambirira, amisiri asamathamangire m'tiyi, ndipo chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, kumunsi kwake. Mawaya a magetsi aike munthu wa chiphaso, osati mphwanu amene anaonerera kwa ena. Malipiro omaliza a kalipentala mugwirizane pachiyambi pomwe kuti kagawo kena kadzatsala mpaka mvula yoyamba itagwa. Tsiku limenelo lowani chipinda chilichonse ndi tochi, muyang'ane m'mwamba, ndipo pamene pakudontha abwere adzakonze asanalandire ndalama yake.