Anzathu a ku Zambia amawerenga mmene mwambo ukusinthira, ife timangoulira maliro

Ndabwerako ku Chipata sabata yatha ndipo nkhani imodzi ikundidyabe mumtima. Msuweni wanga wa kumeneko anati "nifuna kuyenda ku tauni", ine n'kumuuza kuti anthu a kuno mwachipha Chinyanja. Mwana wake wamkazi, amene akuphunzira pa yunivesite ku Lusaka, sanakwiye. Anatulutsa foni n'kundionetsa ntchito yake ya kusukulu. Wakhala akujambula mawu a agogo a ku Katete, a amayi ogulitsa pamsika ku Chipata ndi a anyamata a ku Lusaka, n'kumawerenga kuti ndi angati akunena "ndifuna", angati "nifuna", mawu a Chibemba akulowera pati, ndipo akuyamba kuwatola ndi a msinkhu wanji. Zonse zili m'mizere ya manambala ngati za ku labotale. "Amalume," anatero, "chinenero chimabereka ana ngati mbewu. Ine ndikungofufuza kuti mbewu iti ikumera pa nthaka iti."

Kwathu kuno ku Malawi mwana wotereyu tikanamufunsa kuti kodi ndiwe wa sayansi kapena wa mbiri? Akangofika Fomu 3 timawagawa pawiri: anzeru ku fizikisi ndi kemisitiri, otsala ku mbiri ndi zinenero. Ndiye wodziwa kuwerengera sadziwa nthano, wodziwa nthano amathawa manambala. Mwambo ukasintha, mawu athu ndi awiri okha: "achinyamata awononga chikhalidwe" kapena "zimenezo n'zachikunja". Wofunsa kuti chasintha n'chiyani, chinayambira kuti, ndipo chafala bwanji, simumupeza.

Chonsecho nsima ya chimanga imene timalumbirirayi ndi mlendo. Chimanga chinachokera ku America, makolo athu akale ankadya mapira ndi mawere. Gule Wamkulu nayenso sanaime malo amodzi. Simoni wa nkhope yofiira uja ndi Maliya anatuluka kudambwe azungu ndi amishoni atafika. Gule anaona alendo, anawayeza, n'kuwasandutsa phunziro la pabwalo. Mu 2005 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza guleyu m'dzina la mayiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi, magulu a mayiko onsewa amavina pabwalo limodzi mwezi wa Ogasiti. Pamenepo munthu angathe kuona ndi maso mmene nyimbo imodzi yapatukira njira zitatu. 

Azambia amadziwanso kukuwa ndi zawo. Mu 2023 akatswiri analengeza kuti pa mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, apeza mitengo yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka pafupifupi 476,000 zapitazo, ndipo dziko lonse lapansi linamva. Chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chili ku London mpaka lero, koma iwo sanatope kuchiitanitsa.

Apa ndivomere, pakuti chilungamo n'chofunika: pa chuma chenicheni cha mbiri ndi mwambo sitichepa, mwinanso timawaposa. Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, potsatira zimene akuluakulu ankasimba za likulu la Kalonga, ndipo m'nthakamo munatuluka mapale, mikanda ndi zitsulo zotsimikiza kuti panali mudzi waukulu wa malonda. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau, mibadwo iwiri pa thanthwe limodzi. Agogo ankatisimbira za anthu aafupi ofunsa kuti "mwandionera pati?" ife n'kumayesa nthano chabe. Mu 2017 asayansi anayeza DNA (chizindikiro cha chibadwa cha munthu) ya mafupa akale ochokera ku Hora, Fingira ndi Chencherere kuno ku Malawi, ena a zaka zoposa 8,000, n'kupeza kuti kunalidi mtundu wina wa alenje umene unakhala kuno zaka zikwizikwi, wosiyana ndi ife a lero. Nthano ya pamoto ndi makina a ku labotale zinakumana pa mfundo imodzi. Ku Mua nako, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa mbiri ya zilombo za Gule Wamkulu mazanamazana.

Chondipweteka n'chakuti zonsezi zili ngati nkhokwe yodzaza imene eni ake akugona ndi njala. Funsani mwana wa sekondale ku Dedza ngati anakwerako ku Chongoni ndi mphunzitsi wa bayoloje ndi wa mbiri limodzi. Funsani amene akulemba mmene Chichewa cha ku Ndirande chikusiyanirana ndi cha ku Kasungu chaka ndi chaka. Mtsikana uja anandipempha kuti Disembala akabwera ndidzamuperekeze kwa agogo athu ku Mchinji akajambule mawu awo. Ndavomera, ndipo mwana wanga wa Fomu 3, amene anamuika ku sayansi, ndidzamutenga kuti akagwire kope.