Kuseri kwa nyumba: zomwe ndinaona ku Chipata, zomwe ndayala kuno ku Mchinji

Mvula ikagwa masiku atatu motsatizana, kuseri kwa nyumba yathu kumasanduka dambo. Mayi a kunyumba amaphikira pomwepo, amachapira pomwepo, ndipo katondo wa kuno akamata kuphazi sachoka mpaka walowa naye kuchipinda. Chaka chino tinagwirizana kuti tikonzepo mvula isanayambe. Chomwe sitinagwirizane msanga n'chakuti tithire konkire kapena tiyale njerwa.

Mu Ogasiti, pochokera ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, ndinagona kwa alamu anga ku Chipata. M'mawa nditatuluka kukasukusula ndinapeza kuti bwalo lawo lonse n'loyalidwa timabuloko ta simenti tolumana, tomwe iwo amangoti mapeva. Nyumba yoyandikana nayo chimodzimodzi, malo ogona alendo ndi pothirira mafuta chimodzimodzi, ndipo m'mbali mwa msewu anyamata anali ataunjika mapeva ogulitsa, ena ofiira, ena otuwa. Kwathu kuno munthu akati akukonza pabwalo timadziwiratu kuti kukubwera wilibala, kwale ndi mchenga, kapena njerwa zotsala pomanga mpanda.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, bwanji simunangothira konkire kamodzi n'kamodzi?" Sanayankhe ndi pakamwa. Anatenga kachitsulo, n'kuzula peva imodzi pafupi ndi mpopi, n'kundionetsa mchenga wapansi. "Apa paipi inaphulika chaka chatha," anatero. "Tinazula, tinakonza, tinabwezera. Mukuonapo chipsera, alamu?" Panalibe. Kwa anansi anga ku Mchinji paipi itaphulika pansi pa konkire anachita kuswa ndi hamala, ndipo chigamba chake chikuonekabe mpaka lero.

Kusiyanaku sikuti anzathu ali ndi nzeru zoposa zathu. Nkhani ndi simenti. Zambia ili ndi fakitale ya Chilanga pafupi ndi Lusaka kuyambira 1949, ndipo mu 2015 Dangote anatsegula ina yaikulu kufupi ndi Ndola. Amapanga simenti yochuluka mpaka kugulitsa kunja, n'chifukwa chake matumba awo timawaona m'mashopu a pa boma pano. Kumene simenti ili yosasowa, anthu a m'tauni anazolowera mabuloko, ndipo wodziwa kuumba mabuloko savutika kuumba mapeva. Ife tili ndi fakitale ya Shayona ku Kasungu konkuno ndi mafakitale ena kummwera, koma thumba la 50 kg likadali chinthu chomwe bambo amawerengera kawiri asanagule, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pomwe njerwa, dothi ndi lako, chikombole wabwereka, ana a mlongo wako akuponda matope. Ndisaname, m'midzi ya ku Chipata ndi Katete mauvuni a njerwa ndinawaonanso ambiri. Mapeva ndi nkhani ya m'tauni.

Ena anandiuza kuti ndingokagula mapevawo ku Chipata, poti kuyambira Disembala 2022 pa malire a Mwami zonse za mapepala zimachitikira pamalo amodzi. Koma tawerengani. Peva ya masentimita 20 ndi 10 imalowa 50 pa sikweya mita imodzi. Malo anga ndi mamita 5 ndi 4, ndiye kuti mapeva 1,000, kulemera kwake kupitirira matani awiri. Muikepo galimoto, msonkho, ndi kusintha ndalama. Zinathera pomwepo.

Tsono konkire, yomwe kwathu timaikhulupirira kwambiri. Malo omwewo, kuchindikala masentimita 10, pa muyezo wa simenti imodzi, mchenga iwiri, kwale inayi, pamafunika matumba 12 kapena 13. Vuto lathu n'lakuti matumba akaoneka ambiri mmisiri amati, "Bwana, asanu ndi awiri akwana," n'kuchulutsa mchenga ndi madzi. Kenaka timathira masana a Okutobala dzuwa lili paliwombo, mawa lake ana akuthamangapo. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, itafunditsidwa masaka onyowa kapena udzu, ndipo mphamvu yake yeniyeni imakwana pakatha masiku 28. Imafunanso mizere yodula pa mamita atatu alionse, kuti ikafuna kung'aluka ing'alukire mumzeremo. Ndayenda m'makomo ambiri kuyambira ku Kamwendo mpaka ku boma, ndipo mizere imeneyi sindiiona kawirikawiri. Chomwe ndimaona ndi ming'alu yoyenda ngati mitsitsi ya mbatata, udzu utamera m'kati. Tikatero timati simenti ya masiku ano njabodza, chonsecho cholakwika ndi kagwiridwe.

Komabe mayi a kunyumba anandiimitsa pa mfundo imodzi yomwe alamu anga sakanaiganiza, poti iwo ufa amagula wa m'thumba kusitolo. "Abambo, mphale ndikayanika pati? Nanga mtedza? Soya akalowa m'mipatamo mudzatola ndinu?" Ananena zoona. Bwalo la ku Mchinji si lokhalapo pomwa tiyi chabe. Pamayanikidwa ufa, pamasoledwa chimanga, pamapetedwa nyemba. Ngakhale uyale mkeka kapena lona, pansi posalala pamasesedwa mosavuta ndipo zotayika zimaoleka. Pochapira napo, madzi a sopo a tsiku ndi tsiku amakokolola mchenga wa m'mipata n'kusiya ndere zoterera. Pa ntchito ziwiri izi konkire ilibe mnzake, ndipo kutengera za ku Chipata mwachimbulimbuli kukanatipweteka.

Chomwe ndinabwera nacho kuchokera kwa alamu si mapeva ayi, koma kayalidwe. Kwathu timangosalaza dothi ndi khasu n'kusanja njerwa pamwamba, mvula yoyamba zina zatitimira, zina zapendama, chiswe chatulutsa dothi pakati. Iwo amachotsa kaye dothi lapamwamba lonse lokhala ndi mizu, amathira gelevulo n'kutsendera ali wonyowa pang'ono mpaka chidendene chisasiye chizindikiro, kenaka mchenga wa kumtsinje masentimita atatu okha, osapitirira. M'mphepete monse amamanga kamzere kogwira ndi simenti kuti zoyalazo zisamwazike. Pomaliza amasesera mchenga wouma m'mipata. Ndipo malo onse amapendeketsa pang'ono, masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa khoma la nyumba. Zonsezi zimatheka ndi njerwa yathu yomweyi, bola kusankha. Ya kunja kwa uvuni, yofiira mowala, yomwe ukaikanda ndi chikhadabo imayoyoka, siyitha zaka ziwiri pansi. Yofunika ndi ya pafupi ndi moto, yoderako, yolira ngati chitsulo ukaigogoda ndi inzake.

Pali chimodzi chomwe chimandivuta mumtima. Njerwa yootcha imadya mitengo, ndipo aliyense amene anakulira kuno akudziwa momwe mapiri a Mchinji analili kale ndi momwe alili lero. Boma linaletsa kale mu 2018 njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Lamulolo silifika pa bwalo la munthu wamba, koma chifukwa chake chimatikhudza tonse. Pa ichi njira ya m'matauni a ku Zambia ndimaipatsa ulemu, ngakhale nawonso makala akuwathera nkhalango. Ndinatsimikiza kuti sindiotcha uvuni watsopano chifukwa cha pabwalo. Malume anali ndi njerwa za khitchini yakale yomwe inagwa, zomangidwa ndi dothi, zosavuta kupala. Ndinasankhamo zolimba, ndinawapatsa kangachepe, ngolo inatuta maulendo atatu.

Ndiye kuseri kwathu tsopano kuli pawiri. Pafupi ndi mpopi pali konkire ya mamita atatu ndi awiri, matumba anayi, yothiridwa m'mamawa, ine ndemwe nditaimirira pomwepo kuwerenga mafosholo. Ana anapatsidwa ntchito yothirira m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu. Kotsalako, kuzungulira mtengo wa mango mpaka pakhomo la khitchini, ndi njerwa zoyala chopingasa pamchenga, kuti mizu ikadzatukula tidzangozula zochepa n'kubwezera. Mvula yoyamba inagwa usiku wa Lachiwiri. M'mawa ndinapeza njerwa zitatu zatitimira pakona pomwe sitinatsendere bwino, ndinazizula, ndinaonjezera mchenga, ndipo pofika nthawi ya phala zinali zitabwerera m'malo. Alamu akuti abwera pa Khirisimasi kudzaona.